Mkangano Ukabuka Pogawana Mawu a Mulungu Pamphakati



Sabata ino ndikulankhula makamaka ndi inu amene mumatsogolera kugawana Mawu a Mulungu m'miphakati mwathu: apampando, alembi, ndi aliyense amene tsiku lina amangopatsidwa Baibulo n'kuuzidwa kuti lero mutitsogolere ndinu. Ena nonse musafulumire kutembenuza tsambali, chifukwa mawa buku lomwelo lidzafika m'manja mwanu. Ambiri mwa inu ndinu makolo anga, ndipo munayamba kusonkhana m'miphakati ine ndisanabadwe. Choncho mundimve ngati mwana amene watumidwa kudzakumbutsa akulu zimene akuzidziwa kale.

Kuwerenga ndime sikuvuta, ngakhale mwana wa Sitandade 6 atha kutiwerengera bwino lomwe. Ntchito imayamba wowerenga akangotseka buku, pamene wina pamphasa apo akweza dzanja n'kunena kuti, “Koma ine ndinamva mlaliki pa wailesi akumasulira vesi lomweli mosiyana.” Wina amabwera ndi ulaliki umene mwana wake wamutumizira pafoni kuchokera ku Johannesburg. Wina anakulira mumpingo wina, analowa Chikatolika chifukwa cha banja, ndipo mafunso ake okhudza zifanizo ndi tsiku la Sabata sanayankhidwepo mpaka lero. Posakhalitsa mawu amakwera, amayi amayamba kuyang'ana dzuwa poganiza za ndiwo zamadzulo, ndipo pakangopita masabata ochepa, pamene pankakhala anthu 20 pamatsala anthu 7.

Zikafika apa otsogolera ambiri amatulukira pa limodzi mwa makomo awiri. Wina amati, “Abale, tisakangane pa zinthu za Mulungu, tiyeni tiimbe nyimbo.” Funso lija limakwiriridwa lamoyo. Mwini wake amapita nalo kunyumba, ndipo tsiku lina adzakalifunsa kwina kumene adzamuyankhe, kaya molondola kaya molakwa. Wina amati, “Aliyense ali ndi mamvedwe ake, zonse n'zabwino.” Mawuwa amamveka aulemu, koma ndi ulesi wovala jekete, chifukwa pali mamvedwe ena amene amapasula banja, ena amene amatengera munthu kumanda.

Udindo umenewu sitinaulande kwa ansembe ayi. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chotchedwa Dei Verbum chimene chinatuluka pa 18 November 1965, unafuna kuti akhristu onse azilipeza Baibulo mosavuta ndipo aziliwerenga kawirikawiri. Patapita zaka zochepa, aepiskopi a kuno kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anakambirana za timagulu ta akhristu mu 1973, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti imeneyi ndiyo ikhale njira yaikulu yomangira Mpingo m'chigawo chino. Kuno kwathu Ambuye Patrick Kalilombe, ali Episkopi wa Lilongwe, anali m'gulu la amene anayala maziko a miphakati. Iwo ankadziwa bwino kuti ukapatsa anthu buku, anthuwo adzafunsa mafunso. Sanaope zimenezo.

Tsono tiyeni titsegule mutu 15 wa buku la Ntchito za Atumwi, chifukwa m'menemo muli mkangano woyamba waukulu wa Mpingo pa kamvedwe ka Malembo, cha m'ma 49 kapena 50 pambuyo pa kubadwa kwa Ambuye.

Ku Antiokeya kunafika anthu ochokera ku Yudeya akuphunzitsa kuti anthu a mitundu ina sangapulumuke popanda mdulidwe. Ife lero timafulumira kuwaona ngati osokoneza, koma taganizani bwino: anthu amenewa anali ndi vesi, ndipo vesi lawo linali loona. Pa Genesis 17, Mulungu mwini wake anapatsa Abrahamu mdulidwe ngati chizindikiro cha chipangano chosatha, n'kunena kuti mwamuna wosadulidwa achotsedwe pakati pa anthu ake. Akanabwera pamphakati pathu, akanatsegula Baibulo n'kutiloza ndi chala, ndipo ambiri mwa ife tikanasowa chonena. Paulo ndi Barnabasi anatsutsana nawo kwambiri, koma nkhani sinathe. Zimene mpingo wa ku Antiokeya unachita ndizo phunziro loyamba: sunagawike pawiri, sunavote, ndipo sunasiye nkhaniyo kwa amene anali ndi mawu aakulu kuposa anzake. Unatuma anthu ku Yerusalemu kukafunsa atumwi ndi akulu a mpingo.

Ku Yerusalemu kuja, Luka akutiuza kuti akhristu ena a m'gulu la Afarisi anaimirira n'kunena maganizo awo poyera. Palibe anawatseka pakamwa. Akutiuzanso kuti anakambirana nthawi yaitali Petro asanaimirire. Petro, amene Ambuye anamupatsa makiyi, anayamba wakhala chete n'kumvetsera. Ndipo atalankhula, sanayambe ndi udindo wake. Anakumbutsa zimene Mulungu anachita m'nyumba ya Kornelio, mmene Mzimu Woyera anatsikira pa anthu osadulidwa. Kenaka msonkhano wonse unakhala chete kumvetsera Barnabasi ndi Paulo. Chete ameneyu ndiye amasowa m'misonkhano yathu yambiri, poti wina akamalankhula ife timakhala tikunola yankho lathu mumtima.

Wotsiriza kulankhula anali Yakobe, amene ankatsogolera mpingo wa ku Yerusalemu. Taonani mmene anagwirira ntchito ya wapampando. Anabwereza mwachidule zimene Petro ananena, kusonyeza kuti anamva. Kenaka anatenga Malembo, osati kuti athane ndi Genesis, koma kuti aonetse kuti m'Baibulo lomwelo mneneri Amosi, pa mutu 9, analosera kale kuti anthu a mitundu ina adzafunafuna Ambuye. Vesi limodzi analiika pambali pa linzake, ndipo onse awiri anawaona m'kuwala kwa zimene Khristu anachita. Pomaliza anapereka chigamulo chimene sichinachititse manyazi mbali yogonja: anthu a mitundu ina asasenzetsedwe mdulidwe, koma apewe zoperekedwa kwa mafano, dama, nyama yopotola ndi magazi. Zina mwa zimenezi zinali zoti Myuda ndi Mgriki athe kudyera m'mbale imodzi popanda wina kunyansidwa. Yakobe ankaganiza za mawa lake, pamene anthu amene anakangana adzayenera kunyema buledi pamodzi.

Wotsogolera pamphakati si Yakobe, ndipo mphakati si msonkhano wa atumwi. Ife sitigamula chiphunzitso cha Mpingo pansi pa mtengo wa mango. Koma kachitidwe kake tingakatengere: kulola funso lituluke lonse, kumvetsera mpaka munthu amalize, kubwereza zimene wanena kuti avomere yekha kuti wamveka, kenaka kufunsa kuti, “Kodi Malembo akunenanso chiyani kwina pa nkhani yomweyi?”

Funso limeneli ndi chida chachikulu cha wotsogolera. Kumbukirani kuti m'chipululu muja Satana nayenso anatchula vesi, ndipo analitchula bwino, kuchokera pa Salimo 91. Yesu sanati vesilo n'labodza. Anayankha ndi vesi lina la m'buku la Deuteronomo limene linaonetsa kuti salimolo likupotozedwa. Tidziwenso kuti manambala amene timawadalira powombana nawo mavesi sanalembedwe ndi aneneri kapena atumwi. Mitu imene tili nayo inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo ntchitoyi imatchulidwa ndi dzina la Stephen Langton, amene anadzakhala Arkiepiskopi wa Canterbury. Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku wina, Robert Estienne, mu 1551. Paulo ankalemba makalata, ndipo kalata simuwerenga mzere umodzi wa pakati n'kuipinda. Mukalandira kalata yochokera kwa mwana wanu n'kuwerenga mawu okhawo akuti “musabwere”, mudzakwiya pachabe, pamene mzere wotsatira ukuti “chifukwa ndikubwera ndine Loweruka”.

Ndipereke zitsanzo za nkhani zimene zimabukadi pakati pathu.

Bambo akuimirira n'kuwerenga Aefeso 5:22, vesi lonena za akazi kumvera amuna awo, ndipo akuliwerenga akuyang'ana mayi akunyumba amene akhala chapatali atazolika. Onse pamphakati akudziwa zimene zimachitika m'nyumba imeneyo usiku. Apa khoswe wakhala pamkhate: bamboyo mwina ndiye mwini nyumba imene mwasonkhanamo, mwinanso ndi amene amapereka zambiri pa chopereka. Wotsogolera sayenera kuyamba mlandu wa banja pagulu, koma sayeneranso kulola kuti Mawu a Mulungu asanduke chikoti. Apemphe wina awerenge kuyambira vesi 21, limene likuuza akhristu onse kuti azigonjerana poopa Khristu, mpaka vesi 33. Pamenepo aliyense adzamva yekha kuti mawu ambiri m'ndimeyi akupita kwa mwamuna, amene akuuzidwa kukonda mkazi wake monga Khristu anakondera Mpingo mpaka kuufera. M'mipukutu ina yakale kwambiri ya Chigriki, vesi 22 lilibe n'komwe mneni wakewake. Limabwereka mawu oti kugonjera kuchokera pa vesi 21. Ndiye kuti amene wadula vesi 21 wadula mutu wa chiganizo. Msonkhano ukatha, nkhani ya m'nyumbamo ipite kwa ankhoswe, kwa alangizi a mabanja ndi kwa Bambo Mfumu, ndipo ngati moyo wa mayiyo uli pachiswe, ipitenso kupolisi. Kupemphera sikuletsa zimenezo.

Mayi wamasiye akudandaula kuti chaka chino sanakolole, ana abwezedwa kusukulu, ndipo wina akumutsegulira Malaki 3 n'kumuuza kuti watembereredwa chifukwa wakhala akubera Mulungu chakhumi. Mayiyo akupita kwawo ndi katundu woposa amene anabwera naye. Wotsogolera wodziwa ntchito yake atsegule Deuteronomo 14:28-29, pamene lamulo lomwelo la Mose likunena kuti chakhumi cha chaka chachitatu chizisungidwa m'midzi kuti adyeko Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Mayi amene tikumuopsezayo ndi mmodzi mwa amene chakhumi chinaikidwira. Kuthandiza Mpingo ndi udindo wa mkhristu aliyense, ndipo ine sindikuuza munthu kuti asiye kupereka mtulo. Koma Paulo pa 2 Akorinto 9 akufuna kuti munthu apereke monga watsimikizira mumtima mwake, mosakakamizidwa. Mphakati umene wamva dandaulo la mayi wamasiye uyenera kutuluka pamenepo utagwirizana za amene apite ndi ufa kunyumba kwake.

Chachitatu ndicho choopsa kwambiri. Wina akuchitira umboni kuti anamupempherera, wachira, ndipo wasiya kumwa ma ARV, kapena mankhwala a shuga kapena a BP, poti Yakobe 5:15 akunena za pemphero la chikhulupiriro lopulumutsa wodwala. Anthu akuomba m'manja. Apa wotsogolera asadikire sabata yamawa, alankhule tsiku lomwelo anthu asanabalalike, chifukwa pamphasa pomwepo pali wina amene akumwa mankhwala omwewo mwakachetechete ndipo akumvetsera. Mpingo umakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, n'chifukwa chake tili ndi Sakramenti la Kudzoza Odwala, limene maziko ake ali pa ndime yomweyo ya Yakobe. Koma m'Baibulo lathu la mabuku 73 muli buku la Mphunzitsi Sira, ndipo mutu 38 ukutiphunzitsa kulemekeza sing'anga, ukunena kuti mankhwala anawalenga ndi Mulungu ndipo munthu wanzeru sawanyoza, ukulangiza wodwala kuti apemphere komanso aitane sing'anga. Luka amene analemba Mthenga Wabwino anali dokotala. Paulo, amene Mulungu anachita zozizwitsa kudzera mwa iye, analangiza Timoteo kumwa vinyo pang'ono chifukwa cha vuto la m'mimba. (Vesi limenelo abambo ena amalidziwa pamtima pa zifukwa zina, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.) Amene amauza munthu ngati mankhwala asiyidwe ndi achipatala atamuyeza.

Augustine Woyera, mwana wa mu Africa muno amene anali Episkopi wa Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, ndipo anamwalira mu 430, anapereka muyeso umene aliyense angaugwiritse ntchito ngakhale sanapite kuseminale. Anaphunzitsa kuti munthu amene akuganiza kuti wamvetsa Malembo, koma kamvedwe kakeko sikakumanga chikondi cha pa Mulungu ndi cha pa mnzake, ndiye kuti sanawamvetse. Yesani zitsanzo zitatu zija pa muyeso umenewu ndipo muona nokha.

Komabe si kulakwa kulikonse kumene kumafuna kukonzedwa pagulu. Pa Ntchito 18 tikukumana ndi Apolo, Myuda wa ku Alexandria, wodziwa kulankhula, wodziwa Malembo, wachangu, koma ankangodziwa ubatizo wa Yohane wokha. Prisila ndi Akwila, banja losoka mahema, anamumva akuphunzitsa m'sunagoge ku Efeso. Sanamudule mawu. Anamutengera pambali n'kumufotokozera bwino zimene zinkaperewera, ndipo Apolo anadzakhala mlaliki wothandiza kwambiri ku Korinto. Akanamuchititsa manyazi pamaso pa anthu, kaya Mpingo ukanakhala naye. Agogo akasokoneza Eliya ndi Elisa pogawana, palibe amene afe nazo. Alekeni amalize, chifukwa chimene Mulungu wawauza mumtima n'chachikulu kuposa dzinalo. Mnyamata akalankhula mwachangu koma mopotoka pang'ono, mutsagane naye pobwerera, mucheze naye panjira. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansi weniweni satsina khutu pamsika. Nzeru ya wotsogolera ili pa kusiyanitsa cholakwa chimene chingadikire ndi chimene chingapweteke munthu usiku womwewo.

Mawu awiri kwa ife achinyamata amene tinapita kusukulu. Tili ndi yesero lathulathu. Timabwera ndi Baibulo la Chingerezi, mwina ndi mawu awiri a Chigriki amene tinawatola penapake, ndipo tikangoyamba kulankhula, amayi amene asunga mphakatiwo kwa zaka 30 amangoti zii. Akatero timaganiza kuti agonja ndi nzeru zathu, chonsecho angotileka. Maphunziro ndi mphatso, ndipo mphakati ukuwafuna: tifotokoze kuti buku la Chivumbulutso linalembedwa m'chilankhulo cha zizindikiro kwa akhristu ozunzidwa mu ulamuliro wa Aroma, kuti anthu asamaone 666 pa chiphaso chilichonse chatsopano. Tithandize pamene awiri akukangana chifukwa Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, limati Yehova, pamene Buku Loyera la 1998 limati Chauta, powauza kuti onse akumasulira dzina limodzi la Chihebri. Koma tilankhule pomaliza, mwachidule, ndiponso m'Chichewa. Dei Verbum imanena kuti ngakhale udindo wophunzitsa wa Apapa ndi aepiskopi suli pamwamba pa Mawu a Mulungu, koma umawatumikira. Ngati zili choncho kwa iwo, nanji digiri yathu.

Mikangano yambiri imabwera chifukwa timasakaniza zinthu ziwiri. Njira ya magawo 7 imene miphakati yambiri imatsata, yochokera ku Lumko ku South Africa, inakonzedwa kuti ikhale pemphero: kuitana Ambuye, kuwerenga, kubwereza mawu amene atikhudza, kukhala chete, kugawana zimene tamva mumtima, kukambirana ntchito yoti tichite, ndi kupemphera. Pa gawo lachisanu munthu amati, “Mawu awa andikhudza ine motere,” ndipo palibe womutsutsa kapena womulalikira. Si nthawi ya mtsutso. Funso la chiphunzitso likabuka pamenepo, wotsogolera alilandire mwaulemu, mlembi alilembe m'kope, ndipo lipatsidwe nthawi yake pambuyo pa pemphero kapena tsiku lina lapadera. Kupatula nkhani zoika moyo pachiswe ngati zija ndatchula, dongosolo limeneli limateteza wamanyazi kuti alankhule, ndipo limathandiza wolongolola kuti aphunzire kudikira. Amene amalankhula kanayi ena asanalankhulepo, muuzeni mokoma kuti, “Bambo, mawu anu tawasunga, timveko kwa amayi awa kaye.”

Nanga funso likakukulirani? Nenani poyera kuti limeneli tikafunse. Palibe manyazi pamenepo. Kalata yachiwiri ya Petro imavomera kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kumvetsa, ndipo nduna ya ku Ethiopia ija inauza Filipo mosabisa kuti singamvetse Yesaya popanda woitsogolera. Safunsa anadya phula. Koma mukalonjeza kukafunsa, kafunsenidi, ndipo yankho libwerere kwa onse amene anamva funsolo. Atumwi sanangogamula n'kukhala ku Yerusalemu. Analemba kalata, n'kutuma Yudasi ndi Silasi kuti apite ndi Paulo ndi Barnabasi akafotokoze pakamwa, ndipo ku Antiokeya anasonkhanitsa mpingo wonse n'kuiwerenga. Miphakati yathu ili ndi mafunso ambiri amene anapita kuparishi osabwerako, ndi enanso amene sanachoke n'komwe m'kope la mlembi.

Pempho langa ndi lakuti pa msonkhano wanu wa sabata ino muwerenge Ntchito 15:1-35 yonse, osadumpha, ngakhale ndi yaitali. Wotsogolera asankhe munthu amene sanawerengepo chaka chino. Mlembi alembe mafunso onse a m'Baibulo amene akhala akuvuta mphakati wanu, ngakhale aja mumaona ngati ochititsa manyazi kufunsa, osalemba maina a ofunsa. Mundipatse mapepalawo Lamulungu likudzali Misa ikatha, kapena muwasiye ku ofesi ya parishi. Tidzakhala nawo pansi pamodzi ndi Bambo Mfumu, ndipo mayankho tizidzawabweretsa m'miphakati mwanu komanso pa tsamba lino, kuyambira ndi funso limene lidzafunsidwe ndi miphakati yambiri.